Matailosi pamene matabwa akumana ndi konkire: pulayiwudi, bolodi la simenti kapena DITRA?

Nyumba zakale za ku Britain, ngakhalenso zambiri za ku Johannesburg ndi Cape Town, pansi pake ndi matabwa okhomedwa pa mitanda. Eni ake akawonjezera khitchini kumbuyo amathira konkire, kenako n'kufuna matailosi amodzimodzi kuyambira pabalaza mpaka pasinki. Vuto lagona pamene ziwirizi zakumanirana. Thabwa limatupa likamwa chinyezi, limanyala kukauma, ndipo limapindika munthu akaponda. Konkire ikangouma, yakhazikika. Tailosi yokhala mwendo uno pathabwa, mwendo wina pakonkire, imang'aluka motsata mzerewo ngati aidula ndi makina.

Amisiri akale amakonda pulayiwudi wa mamilimita 18, womangidwa ndi masikuluwu otalikirana masentimita 30. Ubwino wake ndi woti amalimbitsadi pansi. Koma nayenso ndi thabwa, chinyezi amachimva, komanso amakweza mbali yamatabwa kwambiri moti mumakakamizika kuthira simenti yosalaza kukonkire kuti muchotse sitepe. Musaiwale zitseko: zonse zimafuna kupala.

Bolodi la simenti, monga HardieBacker wa mamilimita 6, silitupa ndi madzi ndipo sitepe yake ndi yaing'ono. Limagonekedwa pa guluu wa matailosi kenako n'kumangidwa masikuluwu, molumikizira mwake n'kumata tepi. Apa anthu amanamizidwa ndi dzina. Amaganiza kuti poti ndi simenti ndiye lachotsa kugwedera. Ayi ndithu. Ngati mitanda ili yofooka, bolodilo limangovina nayo limodzi.

DITRA ndi mkeka wa pulasitiki wa kampani ya ku Germany ya Schlüter, wochindikala pafupifupi mamilimita 3. Umayalidwa mbali zonse ziwiri, ndipo ntchito yake ndi kulekanitsa tailosi ndi pansi kuti thabwa likamasuntha cham'mbali lisakoke tailosi. Pa kusuntha kotereku uli patsogolo pa anzake awiriwa, ngakhale mtengo wake umapweteka m'thumba. Koma suthana ndi kusuntha kokwera ndi kutsika, komanso sukonza kusiyana kwa levulo.

Ine ndimayamba ndi kudumpha pamatabwapo, kapu ya madzi ili pansi. Madzi akatayika, ndimayamba ndakhoma matabwa opingasa pakati pa mitanda. Mulingo umene amisiri amatsata ndi woti mtanda usapindike kuposa utali wake mutaugawa ndi 360, kutanthauza mamilimita 10 pa mtanda wa mamita 3.6. Miyala yachilengedwe ngati mabo imafuna kulimba kowirikiza kawiri. Pansi pakalimba, ndimatenga bolodi kapena pulayiwudi malinga ndi kuya kwa sitepe, kenako mkeka pamwamba pa zonse. Guluu akhale wotamuka, wolembedwa S1 kapena S2 pathumba.

Ngakhale mutagula zonsezi, pamzere wokumanira paja siyani mpata wa mamilimita 6 pakati pa matailosi, muthiremo silikoni wofanana mtundu ndi girauti, phala lotsekera mipata ya matailosi. Eni nyumba amaukana mzerewu poti umawononga maonekedwe, makamaka ukadutsa pakati pa chipinda. Choncho yambani kuyala kuchokera pamzerepo, m'mphepete mwa tailosi mugwere ndendende pamene thabwa lathera, zodula zikagwere kukhoma.