Ndemanga yanga pa We Were Liars, ndinaligula pa kaunjika mu Zomba

Bukuli ndinalipeza mumsika wa Zomba kwa bambo wina amene amayala mabuku akale pa chisaka, mtengo wake sunafike ngakhale wa bandulo ya pa sabata, koma chikuto chinali chonyowapo ndi mvula ndipo masamba ena anamatana moti ndinachita kuwalekanitsa ndi mpeni wa kukhitchini. Ndimagulira mphwanga wa Fomu 3, mapeto ake ndinayamba ndine kuwerenga.

Analemba ndi E. Lockhart, linatuluka mu 2014. Nkhani yake ndi ya mtsikana Cadence wa banja la a Sinclair, anthu achuma zedi oti ali ndi chilumba chawochawo kufupi ndi Massachusetts ku America komwe amasonkhana chaka chilichonse pa holide ya nyengo yotentha. Ali ndi zaka 15 anachita ngozi kumeneko, mutu umangomupweteka, sakukumbukanso chomwe chinachitika ndipo pakhomo aliyense wangotseka pakamwa.

Chandigwira mtima ine ndi agogo ake aamuna a Cadence, a Harris. Mkulu ameneyu ali ndi ana aakazi atatu ndiye amawapikisanitsa pa nkhani ya nyumba ndi chuma, lero akonda uyu mawa uyo, amayi aja nkumatuma ana awo kuti pitani mukawanyengerere agogo anu. Ndikuwerenga ndimangoona maliro ena ake ku Chinamwali pomwe abale anayamba kufunsana za makiyi a nyumba thupi lisanachoke nkomwe ku mochale. Mulibe chigawenga cha mfuti mmenemu, zoopsa zonse zili pa tebulo lodyera pomwe onse akumwetulirana.

Pena limatopetsa, osanama. Koyambirira likuyenda ngati minibasi yodikira kudzadza pa depoti, komanso Cadence amayankhula mophiphiritsa mopyola muyeso, pali pena akuti bambo ake anamuwombera pachifuwa ine mpaka kubwerera tsamba, kumeneko akungotanthauza ululu woti bambowo awathawa. Mphwanga anasokonezeka pomwepo nkulisiya masiku awiri. Chingerezi chake ndi chophweka, machaputala afupiafupi, wa sekondale atha bwinobwino.

Mathero sindinena, mungandide. Ndinamaliza cha m'ma 1 koloko usiku ndi tochi ya foni, kenako nkubwereranso kumasamba oyamba kukaona pomwe anandipusitsira. A Prime Video, oonetsa mafilimu pa intaneti, anapanga filimu yake ya zigawozigawo mu 2025 koma yambani ndi buku. Mukamagula pa kaunjika muyambe mwaona ngati masamba omaliza alimo onse, bukuli popanda amenewo mwangotaya ndalama.