Kanjedza wa kuseri kwa nyumba ku Britain: ndi uti amene angapirire chisanu?

M'masitolo a mbewu kuno ku Britain mitengo ya kanjedza amaiika pamodzi, uliwonse uli ndi kapepala konena kuti umapirira kuzizira. Kupirirako n'kosiyana kwambiri, ndipo ndalama zambiri zimatayikira pamenepa. Mitundu imene mungaipeze mosavuta ndi itatu: Phoenix canariensis, Trachycarpus fortunei ndi Chamaerops humilis.

Phoenix ndiye amatikoka mtima ife ochokera kumudzi, ndipo m'pomveka. Ndi mbale wake wa kanjedza wathu uja womera m'mbali mwa mitsinje ndi m'madambo, Phoenix reclinata. Masamba ake ndi aatali, ogwera m'mbali, onga nthenga. Mtengo wake wogulira ndi wotsikanso, makamaka akakhala wamng'ono. Koma kwawo ndi ku zilumba za Canary, kumene m'madera otsika chisanu sichifika kawirikawiri. Wamkulu, wa thunthu lonenepa, angathe kupulumuka pa -8°C ngati kuzizirako sikukhalitsa. Wamng'ono wa mumphika uja masamba amayamba kupsa isanafike n'komwe pamenepo. Mitengo yaikulu yokongola imene mumaiona ku Tresco, pa zilumba za Scilly, kapena m'malo ena a pakati pa London, ili kumene nyanja kapena kuthithikana kwa nyumba kumafewetsa nyengo. Ku Leicester, Leeds kapena Glasgow nkhani ndi ina. Disembala wa 2010, amene anazizira kuposa Disembala wina aliyense kuyambira 1910, anapha yambiri, ndipo kuzizira kwa Disembala wa 2022 kunachitanso zomwezo. Minga ya kutsinde kwa masamba ake ndi yaitali komanso yolimba. Amene muli ndi ana osewera panja muganizirenso zimenezo.

Trachycarpus saoneka ngati kanjedza wa kwathu. Masamba ake ndi ozungulira, otambasuka ngati chikhatho, ndipo thunthu lake ndi lowonda, lokutidwa ndi ulusi wofiirira. Anthu ena akamuona koyamba samukonda. Ine ndiye amene ndingauze aliyense kuti agule, chifukwa kwawo ndi kumapiri a ku China kumene kumazizira komanso kumagwa mvula, ndipo nyengo ya kuno ili choncho. Robert Fortune, wosonkhanitsa zomera wa ku Scotland, anatumiza mbande za mtengowu ku munda wa zomera wa Kew, ku London, mu 1849, ndipo kuyambira pamenepo mtengowu wakhala ukumera panja mpaka ku Scotland komweko. Ukakhazikika umapirira -15°C osaufunditsa kanthu. Dothi lolemera la kuno sulidandaula nalo, bola madzi asamaime pa mizu. Mthunzi pang'ono umaulolanso, zimene zili zofunika m'tigadeni tathu topanikizika ndi mipanda. Ku Ticino, kumwera kwa Switzerland, wafalikira m'nkhalango mpaka boma linaletsa kuugulitsa kuyambira mu Seputembala 2024.

Mdani wake ndi mphepo. Pamalo a mkuntho masamba amang'ambika n'kulendewera, mtengo n'kuoneka wodwala ngakhale uli bwino. Amene muli kufupi ndi nyanja kapena pamtunda funani Trachycarpus wotchedwa Wagnerianus, wa masamba aang'ono ndi olimba. Ndi wodulirapo, koma kuzizira amapirira chimodzimodzi.

Chamaerops ali pakati. Kwawo ndi ku Spain, Italy ndi Morocco. Amafuna dzuwa ndi dothi losasunga madzi, ndipo amafika cha pa -10°C. Amakula pang'onopang'ono, satalika, ndipo timitengo ta masamba ake tili ndi minga. Ali ndi mwayi umodzi umene anzake awiriwo alibe. Kanjedza wa thunthu limodzi ali ndi nsonga imodzi yokha yophukira: imeneyo ikafa, mtengo wonse wapita. Chamaerops amatulutsa ana kutsinde, ndiye thunthu lalikulu likafa ena amatsala. Wa masamba otuwa wochokera ku mapiri a Atlas ku Morocco ndi wokongola zedi, ngakhale chinyezi amadana nacho kuposa wobiriwira. Ngati malo anu ndi kakhonde chabe ndipo mtengo uzikhala mumphika, uyu ndiye woyenera.

Pali winanso, Rhapidophyllum hystrix wa kummwera chakum'mawa kwa America, amene manambala ake amakopa chifukwa amapirira -20°C. Amafuna chilimwe chotentha kwambiri, ndipo kuno amangokhala osakula. Cordyline australis, amene amadzaza m'misewu ya ku Torquay, kumwera chakumadzulo kwa England, si kanjedza ayi. Ndi mtengo wa ku New Zealand umene chisanu chimauwotcha msanga, kenako umaphukanso pansi.

Manambala onsewa musawakhulupirire kwambiri, chifukwa chimene chimapha kanjedza kuno ndi madzi pamodzi ndi kuzizira. Mvula imalowa pa nsonga, usiku n'kuundana, masana n'kusungunuka, mpaka mphukira yapakati kuwola. Mu Marichi kapena Epulo mukaikoka pang'ono imangozuka ikununkha. Trachycarpus kawirikawiri amaphukanso mukachotsa zowolazo ndi kuteteza bowolo ku mvula. Phoenix wamng'ono nthawi zambiri sadzukanso. Pofunditsa gwiritsani nsalu ya fleece yolowa mpweya, osati pulasitiki, ndipo kukangofunda muichotse. Mumphika mizu imauma ndi chisanu msanga kuposa pansi, choncho mphikawo muukulunge kapena muusendeze pakhoma la nyumba. Wodzala pansi adzale mu Meyi, kuti mizu igwire Novembala asanafike, ndipo ngati dothi lanu ndi lamakande sakanizani ndi timiyala n'kudzala pokwera pang'ono.