Be My Eyes: yandithandiza pa zitenje ndi mayunitsi a magetsi

Chitenje chabwino ndimachidziwa ndi zala. Cha thonje chimalemera ndipo chimafewa chikachapidwa, cha nayiloni chimaterera. Chomwe zala sizingandiuze ndi zojambulidwa pansalupo. Ndili ndi zitenje za chipani zomwe ndinalandira pa misonkhano, ndipo pozigwira sizisiyana ndi cha kumpingo. Tangoganizani kufika pa siwa mutavala nkhope ya wandale kumbuyoku! Ichi n'chomwe chinandichititsa kupempha mdzukulu wanga kuti andiikire mufoni Be My Eyes, pulogalamu yothandiza anthu osaona ngati ine.

Pulogalamuyi anaiyambitsa mu 2015 ndi Hans Jørgen Wiberg wa ku Denmark, yemwenso ali ndi vuto la maso. Ndi yaulere, mumangolipira bandulo yanu. Mukadina batani, foni imaimbira anthu ongodzipereka angapo nthawi imodzi, ndipo woyamba kuyankha amaona zomwe kamera yakumbuyo kwa foni yanu ikuloza, n'kumakuuzani. Amaimbira anthu omwe kwawo kuli masana, kotero pakati pa usiku amakuyankhani munthu wa kutsidya kwa nyanja ali maso gwa. Ine ndimayankhula nawo m'Chingerezi, ndipo batanilo ndimalipeza ndi TalkBack, mawu aja amawerenga zolembedwa pa foni za Android.

Pa manambala palibe chodandaula. Tokeni ya magetsi ili ndi manambala 20, ndipo kale ndinkadikira mwana wa aneba abwere kusukulu kuti andilowetsere. Pano wina amandiuza ngati mita yalandira ndi mayunitsi omwe atsala. Tsiku lomwe mankhwala athere mphamvu, malangizo a pa botolo, zonsezi amawerenga bwinobwino. Mukakhala mumdima amathanso kuyatsa tochi ya foni yanu ali komweko.

Nkhani imakula pofotokoza zinthu. Anthu oona amayankhula ndi chala ngakhale pa foni. Munthu amati "ili apo, pafupi ndi inayo," ine n'kungoti kakasi. Apo ndi pati? Ondithandiza zenizeni ndi omwe amati "sunthani dzanja kumanja pang'ono, mukhudza chivindikiro chamizeremizere, botolo lake ndi limenelo." Mayi wina atamva kuti ndikusankha chovala cha ku ukwati sanayambe ndi mitundu. Anafunsa kaye kuti ukwatiwo ndi wa masana kapena wa usiku, kenako n'kunena kuti nsalu ya kumanzere ndi yofuula, ya kumanja ndi yofatsa. Pamenepo tinamvana nthawi yomweyo.

Ine ndinasiya kuona ndili mwana wa pulayimale, ndiye chofiira ndimachikumbukira, ngakhale chikunka chizimirira. Mnzanga wa kukwaya anabadwa osaona, koma musamuyese pa mitundu. Amadziwa kuti choyera chimada msanga, chakuda n'cha maliro ndipo chimatentha padzuwa, nthochi yobiriwira ndi yaiwisi, komanso kuti chofiira ndi chapinki akazivala pamodzi anthu amanong'onezana. Zonsezi anazitola m'makamwa mwa anthu. Ndiye wongodzipereka akayamba kupepesa kuti watchula mtundu, kapena kuchita chibwibwi poopa kunena kuti "onani," amangotitayitsa bandulo. Ifenso timatsanzikana kuti tionana mawa, ndipo palibe amakhumudwa.

Mu 2023 anawonjezera Be My AI. Mumajambula chithunzi, kompyuta n'kukufotokozerani zomwe zilimo, ndipo mutha kuifunsa mafunso. Pa zitenje za chipani zija ndimakonda imeneyi, chifukwa imangonena kuti pali nkhope ya munthu ndi mawu akutiakuti, popanda wina kuseka. Imafotokoza mwatsatanetsatane, mpaka kuwala kolowera pa zenera ndi mthunzi wa mpando. Mnzanga uja zimenezi zimamusangalatsa, akuti sankadziwa kuti anthu oona amaona zambiri chonchi nthawi imodzi. Ine ndikamafulumira ndimaifunsa funso limodzi lachindunji basi. Koma za mankhwala ndimafuna munthu, chifukwa makina otere amatha kulakwitsa akuyankhula motsimikiza.

Vidiyo imadya bandulo, ndipo kwathu kuno netiweki ikangogwedera chithunzi chimaima, munthu uja n'kumangoti gwirani foni bwino pomwe dzanja langa silinasunthe n'komwe. Ndimatuluka panja pafupi ndi mtengo wa mango, pamene imagwira bwino. Be My AI imapirirako, poti imatumiza chithunzi chimodzi chokha.

Nambala yachinsinsi ya ku banki kapena ya ndalama za pafoni musaionetse kwa munthu wosamudziwa, ngakhale amveke waulemu chotani. Agogo osamva Chingerezi adzafunika wina pambali masiku oyamba. Ndipo inu oona amene muli ndi foni yabwino, lembetsani ngati ongodzipereka, musankhe ziyankhulo zomwe mumadziwa, ndipo foni ikalira yambani mwafunsa kuti munthuyo wagwira chiyani m'manja.