Miyezi 17 ndi ka Jimny: kamamwa kuposa msinkhu wake, koma sikanandigonekepo kutchire

Nditangogula kagalimoto aka mu Seputembala 2023, ndinkauza aliyense wofuna kumva kuti ndapeza chinthu chosamwa mafuta komanso chosaopa msewu. Tsopano papita miyezi 17, kayenda makilomita oposa 21,000 m'manja mwanga, ndipo pa mawu awiri aja ndikubwezapo amodzi. Zosaopa msewuzo n'zoona. Zosamwa mafutazo chinali chimwemwe chabe cha munthu amene wangolandira makiyi.

Ndi Suzuki Jimny Sierra ya 2012, ya zitseko zitatu, injini ya petulo ya 1.3 yotchedwa M13A, magiya asanu osintha pamanja. Inachokera ku Japan itayendako kale, inatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, njira imene galimoto zambiri za anthu wamba zimadzera. Musaisokoneze ndi inzake ya 660cc yokhala ndi turbo, imene thupi lake n'lofanana nayo, kapena yatsopano ya makonamakona ija imene inayamba kutuluka mu 2018 ndi injini ya 1.5. Ine ndimakhala ku Matawale mu Zomba, ntchito ndimagwira m'tauni, munda wa mpunga uli cha ku Kachulu kufupi ndi nyanja ya Chilwa, ndipo mayi anga ali ku Chingale, kuseri kwa phiri. Amene akudziwa misewu iwiriyi nthawi ya dzinja safunsanso chifukwa chimene sindinagulire Vitz.

Za mafuta ndilankhula ndi kabuku m'manja, chifukwa kuyambira mwezi wachiwiri ndakhala ndikulemba malita ndi makilomita nthawi iliyonse ndikamwetsa. M'tauni muno, pa timaulendo ta Matawale, kumsika, kusukulu kwa ana ndi kubwerera, lita imodzi imanditengera makilomita 10, nthawi zina kuperewerako. Pa M3 kupita ku Blantyre, ndikamayenda 80 osapsa mtima, imafika 13 mpaka 14. Koma ndikangoti ndachedwa, ndiponde mpaka 100, imagwa kufika pa 11. M'matope, giya yamphamvu italowa, musawerengere n'komwe: 8 ndi mwayi. Zonse pamodzi zikundipatsa pakati pa 11 ndi 12.

Mnzanga wa Sienta amene amanyamula anthu pakati pa Zomba ndi Limbe anaseka nditamuonetsa kabukuko. Akuti iye ndi anthu odzaza galimoto, katundu pamwamba pake, amawononga mafuta ochepa kuposa ine ndili ndekha. Sindinatsutse. Injini ikhoza kukhala yaing'ono, koma thupi la Jimny ndi bokosi loimirira, mphepo imalimenya pachifuwa. Magiya ake ndi aafupi, opangidwira kukwera ndi kukoka, moti pa 100 muvi wa injini umakhala utadutsa kale 3,000 ndipo phokoso lake limakukakamiza kukweza wailesi. Pansi pake palinso zitsulo zimene Sienta ilibe: chasisi chonga makwerero, madifu awiri, ndi bokosi lachiwiri la magiya logawira mphamvu kutsogolo. Zonsezi zimayenda nawe ngakhale tsiku limene ukungopita kukagula buledi.

Ndiye mwayi wanga unali wotani: patangotha miyezi iwiri ndigulire, mu Novembala 2023, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti ndipo petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 lita imodzi. Thanki ya Jimny ndi ya malita 40. Kuidzaza kuchokera pansi pa mtengo umenewo kunali K101,200. Ndalama imeneyi inkanditengera makilomita 400 ndi kanthu pang'ono muvi usanagone.

Poyamba thanki yaing'onoyi ndinkaiona ngati chinthu chabwino, poti kudzaza sikupweteka kwambiri m'thumba. Kusowa kwa mafuta kwa kumapeto kwa 2024 ndi kumene kunandiphunzitsa zina. Tsiku lina ndinafika pamzere 4 koloko m'mawa, kukuzizira ngati mwezi wa Juni chifukwa cha mphepo yotsika m'phiri, ndipo ndinafika pa pampu dzuwa litapendeka. Amene anali patsogolo panga anali ndi chigalimoto cha thanki yaikulu kuwirikiza kawiri yanga. Tinavutika mofanana, tinadya chimanga chootcha cha mnyamata mmodzi yemweyo, koma iye anachoka ndi mafuta a masabata awiri, ine a sabata imodzi. Ulendo wa ku Lilongwe, kudzera ku Liwonde, Balaka, Ntcheu ndi Dedza, ndi makilomita pafupifupi 300. Kupita kokha thanki imakwana, kubwerera ayi. Mwezi umenewo ndinakwera basi, kagalimoto ndinakasiya pansi pa mtengo wa mango.

Mafuta a m'zigubu ndinagulako kamodzi kokha, kwa mavenda a m'mbali mwa msewu, pa mtengo umene ndikuchita manyazi kuutchula. Kanayenda, koma kankatsokomola pokwera mtunda mpaka thanki imeneyo itatha. Sindinabwerezenso.

Tsono pobwera pa ntchito imene ndinakagulira, apa ndiye palibe chodandaula. Dzinja loyamba silinakayese mokwanira, poti mvula ya 2023 mpaka 2024 inavuta kuno kummwera chifukwa cha El Niño, misewu inali fumbi lokhalokha. Mayeso enieni anabwera mu 2025. Mu Januwale ndinkapita kumunda mvula itagwa usiku wonse. Pa dambo lina tisanafike ku Kachulu tinapeza lole ya matani atatu itatitimira mpaka m'mimba, anyamata akuthira nthambi ndi miyala pansi pa matayala, akabaza atanyamula njinga pamapewa. Kumbali kunali kampata kopapatiza pakati pa loleyo ndi munda wa chimanga wa munthu. Ndinaima, ndinaponda kilachi, ndinadina batani la 4WD-L, lolowetsa giya yamphamvu pa matayala onse anayi, nyali inayaka. Giya yachiwiri, osaponda mafuta kwambiri, osaima. Kanadutsa kakugwedeza mchira pang'ono ngati bakha, matope akuuluka mpaka padenga. Mmodzi wa anyamata aja anakuwa kuti, "Madala, kameneka ndi kambuzi!" Dzinalo linakakamira, ana kunyumba amakatchula choncho mpaka lero.

Chinsinsi chake si mphamvu, mahatchi ake sakwana n'komwe 90. Ndi kupepuka. Kamalemera tani imodzi ndi pang'ono, ndiye pamene zigalimoto zikuluzikulu zimamira, iko kamayenda pamwamba. Ndi kafupi, matayala ali kumapeto kwenikweni kwa thupi, motero pa mgula kapena pa mlatho wa mitengo sikagunditsa mphuno kapena kumbuyo. Pamwamba pa phiri la Zomba, m'misewu ya m'nkhalango yopita ku Dzenje la Chingwe ndi ku Emperor's View, kamatembenuka pamalo pamene Hilux imafuna kubwerera m'mbuyo kawiri. Potsika kuchokera ku Ku Chawe ndimangokasiya m'giya yachiwiri, injini n'kumagwira yokha, mabuleki osanunkha.

Chenjezo limodzi kwa amene angagule: mabatani a 4WD si odina paphula. Galimotoyi ilibe difu ya pakati, ndiye matayala akutsogolo ndi akumbuyo amakakamizidwa kuzungulira limodzi. Pamatope kapena pamchenga amaterereka n'kumasuka, koma paphula louma zitsulo zimapotana, chiwongolero chimalimba pokhota, ndipo mukapitiriza mudzalipira. Mlamu wanga anabwereka tsiku lina n'kubwera akudandaula kuti kakukana kukhota pa Chinamwali. Anali atadina batani "kuti kagwire bwino msewu". Makiyi sanawaonenso.

Kuwonongeka kwachitika kawiri, ndipo kawiri konseko ndikafufuza bwino mlandu umabwerera kwa ine.

Koyamba kunali mu Juni 2024. Ndikuchokera ku Blantyre, nditangodutsa pa Thondwe, tayala lakutsogolo linagunda kadzenje ndili pa 75. Chiwongolero chinayamba kunjenjemera m'manja ngati munthu wa malungo, galimoto yonse kugwedezeka, osasiya mpaka nditatsika kufika pa 40. Mtima unali m'khosi. M'mawa mwake ndinapita kwa amakaniko anga, bambo achikulire amene amagwirira pansi pa mtengo kuseri kwa msika. Sanafunse zambiri. Anaika jeke, anagwira tayala pamwamba ndi pansi, n'kuligwedeza. Linalira kuti gu, gu.

"Achimwene, mumaoloka nayo madzi?"

"Pang'ono, bambo. Popita kumunda."

"Pang'ono pamene. Taonani."

Atamasula, timabering'i ta kingpin, timene tayala limazungulirapo pokhota, tinatuluka tofiira ndi dzimbiri, girizi atasanduka phala la matope. Anandifotokozera kuti madzi amalowa pa zisindikizo zikakalamba, ndipo galimoto ya zaka 12 imene imasambira m'madambo imafuna kuti malo amenewo azitsegulidwa ndi kupakidwa girizi watsopano, osadikira kuti alire. Eni ma Jimny m'maiko ambiri amadziwa za kunjenjemera kumeneku, ndipo malo oyamba kuyang'ana amakhala omwewo, kenako mabushi ndi balansi ya matayala. Ine ndinawonjezera kupusa kwina: ndinagula mabering'i otchipa pa kashopu kena ku Limbe, m'bokosi lokongola koma opanda dzina lodziwika. Anatha miyezi itatu. Achiwiri ndinaitanitsa enieni, ndinadikira masabata atatu, ndipo mpaka pano chiwongolero chili zii.

Kachiwiri n'koseketsa. Mu Disembala ndinadina batani la 4WD pa msewu wa ku Chingale, nyali m'malo moyaka inangophethiraphethira, matayala akumbuyo okha akupalasa. Matayala akutsogolo a Jimny imeneyi amalumikizidwa ndi mphamvu ya mpweya wokokedwa ndi injini kudzera m'timapaipi ta labala. Amakaniko atalowa pansi anatuluka akuseka, atanyamula kapaipi kodyedwa mbali imodzi. Makoswe. Ndinali nditasiya matumba a mpunga m'galimoto masiku anayi, alendo anabwera kudzadya, ndipo atakhuta anakatafunako ndi labala yemwe. Kukonza kwake kunali kwa mphindi 20 ndi kapaipi ka mtengo wa botolo la Fanta.

Kupatula izi, injini sinandivutepo. Imalira kamodzi m'mawa uliwonse, siidya oyilo, siitentha ngakhale pokwera phiri mu Okutobala. Ili ndi tcheni m'malo mwa lamba wa taimingi, ndiye nkhawa yoti lamba aduka mwadzidzidzi palibe. Oyilo ndi fyuluta ndimasintha pa makilomita 5,000 aliwonse chifukwa cha fumbi, batire ndinasintha kamodzi, mabuleki akutsogolo kamodzi. Zinthu za sevisi zimapezeka mosavuta. Zimene zimavuta ndi za Jimny yokhayokha, monga za ku ma akiselo ndi magalasi, poti galimotozi n'zochepa muno ndipo ogulitsa masipeya amasunga za Toyota ndi Nissan. Matayala ake a 205/70 R15 nawonso si opezeka pa shopu iliyonse ya mu Zomba.

Paphula ndi galimoto yotopetsa, tisanamizane. Ma akiselo ake ndi athunthu kutsogolo ndi kumbuyo, ndiye hampu iliyonse ya pa Namadzi imafika mpaka m'msana. Lole ikadutsa moyandikira, mphepo yake imakakankha. Kupitirira basi pa mtunda kumafuna kuwerenga kaye, kutsitsa giya, ndi kupemphera pang'ono. Ndinazolowera kunyamuka msanga basi, tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Malo ndiye nkhani imene imabweretsa mkangano kunyumba. Mipando ndi inayi, osati isanu. Anthu anayi akakhala, kumbuyo kumatsala malo a zikwama ziwiri za sukulu ndi jumbo ya tomato. Ndikagoneka mipando yakumbuyo ndimalowetsa matumba anayi a makilogalamu 50, koma pamenepo kumbuyo kumakhala kutakhala pansi ndipo mabuleki amafuna mtunda wautali. Mayi a ana akuti ndinagula galimoto ya munthu wosakwatira. Pa maliro ndi pa ukwati ndimakhala munthu wopanda ntchito: anzanga amanyamula azimayi ndi mapoto, ine amandituma kukatenga abusa.

Komabe pa usiku wina wa mwezi wathawu, foni inalira cha m'ma 11 kuti mayi adwalika ku Chingale, mvula ikugwa kuyambira madzulo. Galimoto ya hayala inakana, akuti msewu wafa. Ndinanyamuka ndi mng'ono wanga. Ulendo umene nthawi ya chilimwe ndimayenda mopepuka unatitengera maola awiri ndi theka, malo ena madzi akuyenda mumsewu ngati mtsinje, mng'ono wanga akutsika ndi tochi kuyeza kuya kwake ndi ndodo. Tinafika. Mpando wakutsogolo tinaugoneka, mayi tinawafunditsa bulangete, achemwali anga anadzipinda kumbuyo pamodzi ndi mng'ono wanga maondo ali kukhosi, ndipo m'bandakucha tinali titafika kuchipatala m'tauni. Anali malungo, anachira.

Tsiku lowabweza kumudzi, atakhala bwinobwino kutsogolo, anagwira chogwirira cha pa dashibodi ndi manja onse awiri pamene tinkalowa m'mabampu oyamba.

"Mwanawe, kagalimoto kakoka kamadumpha ngati chule. Unalibe ndalama yogulira yaikulu?"

"Yaikulu ikanatitimira usiku uja, amayi."

Anakhala chete mpaka titaoloka kamlatho. Kenako anati pobwera ulendo wina ndidzachotse mipando yakumbuyoyo, ali ndi matumba awiri a nandolo ofunika kupita ku msika wa Songani.