Hobie 16, Dart 18, F18 kapena maboti ouluka: loyenera nyanja yathu ndi liti?

Munthu wokhala ku Mzuzu amene akufuna catamaran ya mpikisano ayambe waganiza za msewu ndi gombe asanaganize za liwiro. Boti lake lidzatsika pa ngolo yokokedwa ndi galimoto makilomita pafupifupi 50 a M5 okhotakhota kukafika ku Nkhata Bay, lidzakhwekhwerezedwa pamchenga ku Chintheche kapena ku Kande, ndipo chinthu chikathyoka, cholowa m'malo mwake chidzachita kuitanitsidwa kunja, kawirikawiri ku South Africa. Maboti tikambe panowa tikuwayeza ndi muyezo umenewu.

Catamaran ndi mabwato awiri oonda olumikizidwa ndi mitanda iwiri, pakati pake pali chinsalu chokungika chokhalapo oyendetsa. Magulu ake a mpikisano ali pawiri. Ena ndi a pulani imodzi yosasintha, monga Hobie 16 ndi Dart 18, moti boti lakale losamalidwa bwino limapikisana ndi latsopano popanda manyazi. Ena malamulo awo amangoika malire a utali, mulifupi, kulemera ndi kukula kwa matanga, zotsalazo n'kumusiyira wopanga kuti aonetse luso lake. Formula 18 (F18) ndi A-Class ali m'gulu lachiwirili, ndipo n'kumene kapangidwe kamasintha zaka zingapo zilizonse.

Tiyambe ndi Hobie 16, poti ndi limene tikulivomereza. Analipanga ndi Hobie Alter wa ku California, ndipo linafala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Ndi lotalika mamita 5 ndi pang'ono, mulifupi mamita 2.41, kulemera makilogalamu pafupifupi 145, matanga onse awiri pamodzi ngati masikweya mita 20. Mabwato ake ndi opindika ngati nthochi, mbali yakunja yosalala, yamkati yokhota. Kapangidwe kameneka n'kamene kamaliletsa kutsetserekera cham'mbali, choncho silifuna mathabwa aja otsikira m'madzi otchedwa daggerboard. Ziwongolero zake zikagunda mchenga zimadzuka zokha. Pa gombe la ku Chintheche, pamene mafunde a mwera amaswekera pamchenga, zimenezi ndi zamtengo wapatali: mumangolunjika kumtunda, boti n'kukwera pamchenga, palibe chotulutsa mothamanga.

Vuto lake ndi lodziwika ndipo sitilibisa. Mphuno za Hobie 16 n'zoonda, zilibe mpweya wokwanira woziyandamitsa. Mphepo ikamawomba cha kumbuyo, mphuno ya mbali imene boti lapendekera imalowa m'funde, boti n'kuima njii, kumbuyo n'kudzuka, anthu n'kuponyedwa kutsogolo. Nyanja yathu imakulitsa vutoli chifukwa mafunde a mwera ndi afupiafupi ndi otsetsereka, ndipo mpikisano waukulu wa pa nyanja ya Malawi, umene umachitika m'nyengo ya mwera kuchokera kumwera kulowera kumpoto, mphepo imakhala kumbuyo nthawi yaitali. Mankhwala ake ndi atatu: onse awiri asunthire kumbuyo kwenikweni, mlongoti upendekeretsedwe cha kumbuyo, ndipo wogwira thanga laling'ono la kutsogolo alimasule akangoona madzi akukwera pa mphuno, osadikira kuuzidwa.

Dart 18 inachokera ku England pakati pa zaka za m'ma 1970. Mlengi wake Rodney March ndi amene anatsogoleranso kupanga Tornado, boti limene linakhala pa Olympics kuyambira 1976 mpaka 2008. Dart nayo ilibe daggerboard, kunsi kwa mabwato ake kuli chimsana chotsika cha kumbuyo. Thanga lake lalikulu lilibe mtengo wopingasa m'munsi, ndiye palibe chomenya munthu m'mutu potembenuka, ndipo imayendetseka ndi munthu mmodzi kapena awiri opepuka. Ndi boti labwino ndithu. Koma funsani kaye ngati pali ena ali nalo pafupi, chifukwa boti la pulani imodzi likakhala lokha pagombe lilibe wopikisana naye wofanana, ndiponso palibe wobwerekako chosinthira.

Pa Formula 18 m'pamene munthu amaona bwino momwe kapangidwe kamayendera. Malamulo ake anakhazikitsidwa ku France kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990: utali mamita 5.52, mulifupi 2.60, kulemera kosachepera makilogalamu 180, thanga lalikulu masikweya mita 17, la spinnaker (thanga lopepuka lotambasulidwa kutsogolo mphepo ikamawomba cha kumbuyo) 21. Malire a kulemerawo anaikidwa dala kuti opanga asamalimbirane zipangizo zodula. Ndiye nzeru zonse zinapita pa maonekedwe. Hobie Tiger ya 1995 inali ndi mphuno zazitali zotambalala pamwamba. Nacra Infusion ya 2006 ndi Hobie Wild Cat ya 2009 zinasamutsira kunenepa kwa bwato m'munsi, pamwamba pa mphuno n'kuonda, kuti mphuno ikaboola funde izitulukanso msanga m'malo mokokera boti pansi. Mathabwa otsikira m'madzi anatalika n'kuonda, mitu ya matanga inatambalala. Zotsatira zake, F18 yamakono imayenda bwino molunjika komwe mphepo ikuchokera kuposa Hobie 16, ndipo ikatambasula spinnaker imamusiya kutali.

Koma taganizani thabwa lalitali loonda lija likukumana ndi mwala wobisika cha ku Nkhata Bay, kapena ndi chingwe cha machera a asodzi. Silidzuka lokha ngati chiwongolero. Limathyoka, apo ayi limang'amba kumbuyo kwa bokosi lolowamo, madzi n'kuyamba kulowa m'bwato. Kulemera kwa makilogalamu 180 kumafuna mawilo a pagombe ndi anthu angapo okankha. Thanga la spinnaker ndi lopyapyala, dzuwa la kunyanja limalidya msanga. F18 yakale ngati Tiger ndi yotsikirapo mtengo, ndipo kwa anthu awiri amphamvu odziwa kale kuyendetsa siyoipa, malinga akhale ndi thabwa lapadera m'galimoto.

A-Class ndi ya munthu mmodzi: mamita 5.49, makilogalamu 75 okha, thanga limodzi la masikweya mita 13.94, pafupifupi zonse za kaboni, faiba yopepuka kwambiri. Zaka za m'ma 2010 mathabwa ake anapindika mpaka anasanduka mapiko onyamula boti lonse pamwamba pa madzi, moti gululo linagawika pawiri, ouluka ndi osauluka. Nacra 17, ya mwamuna ndi mkazi pa Olympics, inayenda njira yomweyo: ku Rio mu 2016 inali ya mathabwa opindika, kuyambira 2017 n'kukhala youlukiratu. Ndi maboti okongola zedi, koma mlongoti wa kaboni ukathyoka sungaulumikize m'galaja ya ku Luwinga, ndipo phiko likakola ukonde pa liwiro lotero munthu amavulala. Kuno sitikuwalimbikitsa.

Mukapeza Hobie 16 yogwiritsidwa kale ntchito, musakopeke ndi penti. Dinikizani ndi chikhatho pamwamba pa bwato lililonse, makamaka kutsogolo kwa chipilala chonyamula mtanda wakutsogolo. Pakabonyoka kapena kulira ngati katoni, faiba yalekana ndi thovu la mkati. Malo aang'ono amakonzeka poboola timabowo pa chikopa chapamwamba chokha ndi kuthiramo guluu wa epoxy ndi jakisoni, koma pakafewa ponseponse lisiyeni. Suzumirani kunsi muone ngati mchenga wadya msana wa bwato mpaka kuonetsa ulusi wa faiba. Tsitsani ziwongolero zonse ziwiri: chilichonse chitsekeke ndi kaphokoso, chisagwedezeke. Kapulasitiki kotsekerako kamatha, ndipo chiwongolero chikapanda kutsika bwino ndodo yowongolera imalemera mpaka kutopetsa mkono. Mawaya ogwira mlongoti asintheni onse ngati mwini wake sakudziwa zaka zake, pamodzi ndi mabawuti omangirira mawayawo m'mbali mwa bwato, chifukwa amathyokera mkati mosaonekera.

Chomaliza ndi mlongoti. Uviikeni m'madzi osaya muone ngati pakutuluka thovu pa mariveti kapena pamutu. Mlongoti wolowa madzi umamira boti likagwa cham'mbali, boti n'kutembenukiratu chadodolido, ndipo kumpoto kuno nyanja imayamba kuya pafupi ndi gombe. Tsekani mabowo onse ndi silikoni, mangani chingwe chodzutsira boti pansi pa chinsalu chokhalapo, ndipo mudziwe kuti kudzutsa Hobie 16 kumafuna anthu awiri olemera makilogalamu 130 kapena kuposerapo onse pamodzi. Yeserani kuligwetsa ndi kulidzutsa tsiku la bata, pafupi ndi mchenga, mwera usanayambe mu Meyi.