Thanki, snorkel kapena paipi ya kompresa: cha mu mtsinje wosaya n'chiti?

Amene tinaphunzira kusambira pansi pa madzi ndi thanki ya mpweya ku Nkhata Bay kapena ku Cape Maclear tinazolowera madzi odekha ndi akuya. Umatsika mamita 12 kapena 18, n'kumayandama pakati pa mbuna popanda chokukoka. Mu mtsinje zinthu zimasintha: madzi amayenda, pansi pali pafupi, ndipo zida zimene zimathandiza panyanja zimatha kungokulemetsa. Sindikunena za Shire ayi, kumeneko eni ake ndi ng'ona ndi mvuu. Ndikunena mitsinje yoyera mbee imene anthu amaipitira dala, monga Rainbow River ku Florida, Verzasca ku Switzerland ndi Rio da Prata ku Brazil. Njira zopumira m'madzi otere zilipo zitatu.

Tiyambe ndi thanki, poti ndi imene ambiri amaithamangira. Ubwino wake ndi nthawi. Thanki ya malita 12 yopopedwa kufika mabala 200 (bar, muyeso wa kupanikizika kwa mpweya) imakhala ndi mpweya wokwana malita 2,400. Munthu amene amapuma malita 20 pa mphindi ali kumtunda, akatsika mamita 5 amapuma malita 30. Mukasiya mabala 50 osungira zadzidzidzi, mumatsala ndi ola lathunthu, ndipo malo ena akakhala osaya kuposa pamenepo nthawiyo imachuluka. Ku Rainbow River zimenezi zimagwira ntchito bwino. Bwato limakutengani pa paki ya KP Hole, pafupi ndi tauni ya Dunnellon, kukakutsitsani chakumtunda kwa mtsinje, ndipo madziwo amakubwezani okha pang'onopang'ono. Poti amatumphuka m'akasupe, amakhala pa madigiri 22 chaka chonse. M'maenje akuya, amene amafika mamita 7 kapena kuposerako pang'ono, mchenga umaoneka ngati ukuwira pamene kasupe akutulukira, ndipo nsomba za milomo yaitali zotchedwa gar zimangoima m'madzi osagwedezeka. Wa thanki amagona pamenepo n'kumaonerera mmene angafunire.

Vuto lake ndi loti pakati pa maenjewo pali malo ataliatali osaya, ena osapitirira mita imodzi ndi theka, odzaza ndi udzu wa m'madzi. Pamenepo thanki imatulukira kunja, mawondo amakhula pansi, ndipo wobwera m'mbuyo mwanu amangopeza matope. Kuyandama pakatikati, osamira osavuuka, kumavutanso kwambiri m'madzi osaya kusiyana ndi akuya. Chifukwa chake n'chakuti mpweya umasintha kukula msanga pafupi ndi pamwamba: wochoka pa mamita 10 umakula kawiri pofika pamwamba, pamene kuchoka pa 30 kufika pa 20 umangokula ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mukangokwera pang'ono podumpha mwala, mpweya wa mu jekete yothandiza kuyandama umafufuma n'kukunyamulani.

Apa ndipomwe ambiri amadzinamiza kuti madzi osaya alibe ngozi. Matenda obwera chifukwa cha nitrogen wodzadza m'thupi sachitikachitika pa mamita 5, n'zoona. Koma mapapo amatha kuphulika munthu atapuma mpweya wa mu thanki pakuya kwa mita imodzi ndi theka chabe, n'kukwera atatseka pakhosi. Mu mtsinje, momwe madzi amatha kukutukulani mosayembekezera, lamulo loti musamagwire mpweya pokwera n'lofunika kuposa panyanja.

Ku Verzasca thanki ilibe mnzake. Maiwe a pansi pa mlatho wa miyala wa Ponte dei Salti, m'mudzi wa Lavertezzo, ndi akuya mamita angapo, osapitirira 10 kwenikweni, ndipo chokongola chake ndi miyala yosalala imene madzi anaisema, yomwe imaoneka bwino ukakhala pansi n'kuyang'ana m'mwamba. Madziwo ndi ozizira koopsa, nthawi zambiri madigiri 7 mpaka 10, choncho pamafunika suti yokhuthala ya mamilimita 7 kapena yosalowa madzi, ndipo suti yokhuthala imafuna mtovu wambiri m'lamba kuti mumire. Mtsinjewu wapha anthu ambiri, chifukwa mvula ikagwa kumapiri madzi amakwera msanga ndipo pansi pa miyala pali mkokomo wokoka. Osalowamo popanda munthu wa komweko amene amaudziwa.

Snorkel, paipi yaifupi yopumira nkhope ili m'madzi, anthu a thanki amaiona ngati chidole cha ana, koma ine ndimaiikira kumbuyo. Magalasi, kapaipi ndi zipsepse za kumapazi zimakwana m'chikwama chimodzi, sizifuna setifiketi ya maphunziro osambira pansi pa madzi, ndipo simutulutsa thovu lothamangitsa nsomba. Ku Rio da Prata, pafupi ndi tauni ya Bonito m'chigawo cha Mato Grosso do Sul, alendo amangoyandama chafufumimba atavala suti, m'timagulu tating'ono totsogozedwa ndi wowaperekeza, ndipo kuponda pansi n'koletsedwa kuti madzi asavunduke. Nsomba za piraputanga ndi dourado zimadutsa pamphuno penipeni. Pa madzi oyera a mamita awiri, wa pamwamba amaona zonse zimene wa pansi akuona, ndipo amaonanso mtengo wogwera m'madzi usanamukole. Malire ake ndi dziwe lakuya: mumatsika masekondi angapo n'kubwerera. Ena amapuma mofulumira kambirimbiri asanamire kuti akhalitse pansi, ndipo chizolowezi chimenecho chimakomola munthu m'madzi popanda chenjezo lililonse.

Njira yachitatu ndi imene amaitcha hookah: kompresa imayandama pamwamba pa kachubu, n'kumakutumizirani mpweya kudzera m'paipi yaitali. Zilipo za petulo, monga za kampani ya Brownie's, ndi zing'onozing'ono za batire monga Nemo ya BLU3, imene imafika mamita 3 okha. Pamsana palibe katundu, ndipo padziwe lodekha kapena pokonza pansi pa bwato n'chida chabwino. Mu mtsinje woyenda sindichikhulupirira. Madzi a pamwamba amathamanga kuposa a pansi, ndiye kompresa imakutsogolerani n'kumakukokani ngati mbuzi yopita kumsika, ndipo paipi ikakola pa nthambi mpweya ndi njira yothawira zimatsekeka limodzi. Ya petulo ilinso ndi vuto la utsi wa carbon monoxide umene ungalowe m'paipi mphepo ikatembenuka. Choipa china n'chakuti sitolo imakugulitsani popanda kufunsa setifiketi, pamene mpweya wake ndi wopanikizidwa ndipo ungaphulitse mapapo chimodzimodzi ndi wa mu thanki.

Ndiye funsani kaye kuya kwa maiwe musanalipire. Ngati mbali yaikulu ya mtsinje sipitirira mamita 3, ndalama yobwerekera thanki isungeni. Ngati muli maenje a mamita 5 kupita pansi amene mukufuna kukhalamo, tengani thanki yaing'ono ya malita 7 kapena 10, mangani mapaipi onse pafupi ndi thupi, ndipo munyamule kampeni kodulira ulusi wa asodzi. Ku Florida lamulo limafuna mbendera yofiira yokhala ndi mzere woyera yoyandama pamwamba panu, chifukwa mabwato amadutsa mu mtsinje womwewo. Opita ku Verzasca akumbukire kuti Lavertezzo ili pamtunda wopitirira mamita 500, choncho kompyuta ya padzanja yoyeza kuya ndi nthawi iikidwe pa madzi opanda mchere komanso a kumtunda, monga timachitira pa Nyanja ya Malawi, yomwe ili pa mamita oposa 470.