Offset, UUID kapena Snowflake: key yosawombana pa ma database angapo

Database ikakhala imodzi, auto increment (database kupereka yokha nambala yotsatira ku mzere uliwonse watsopano) imakwanira. Mavuto amayamba ma database akachuluka, chifukwa iliyonse imayamba kuwerenga pa 1, ndipo tsiku lophatikiza deta mupeza mizere iwiri ikulimbirana primary key imodzi, nambala yomwe imayenera kuzindikiritsa mzere umodzi wokha.

Njira yachidule ndi kugawana manambala. Mu MySQL mumasintha auto_increment_increment ndi auto_increment_offset kuti seva ina izipereka 1, 3, 5, inzake 2, 4, 6. Flickr, webusaiti ya zithunzi, inkachita zimenezi pa maseva awiri omwe ntchito yawo inali kupereka manambala basi. Key imakhala yaifupi, yosavuta kuitchula. Koma ngati munagawira maseva awiri okha, yachitatu ikabwera muyenera kukhalanso pansi n'kugawa mwatsopano.

UUID, key yaitali yomwe imapangidwa kuti isafanane ndi ina iliyonse, sidikira chilolezo kwa aliyense: pulogalamu imadzipangira yokha mabiti 128. Amene amadandaula nayo nthawi zambiri amanena mtundu wake wa v4, yomwe mabiti ake 122 ndi achisawawa. InnoDB, injini yosungira deta ya MySQL, imasanja mizere motsatira primary key, choncho mzere watsopano umagwera paliponse, masamba a index (mndandanda wothandiza kupeza mizere msanga) n'kumagawanika, ndipo tebulo likakula kulemba kumachedwa. Kuwonjezera apo, index ina iliyonse imanyamula kope la key imeneyo. Mukaisunga ngati zilembo 36 mu CHAR(36) m'malo mwa mabayiti 16 mu BINARY(16), ndiye mwadzisenzetsa katundu nokha.

UUID v7, yomwe inakhazikitsidwa mu chikalata cha malamulo a UUID cha RFC 9562 mu 2024, imaika nthawi m'mabiti 48 oyambirira, motero mizere yatsopano imafola kumapeto. PostgreSQL 18 ili nayo kale uuidv7(). Dziwani chabe kuti woona key akhoza kudziwa nthawi imene mzere unalembedwa.

Snowflake, njira ya Twitter yopangira key ya mu 2010, imakwana mu BIGINT (nambala ya mabayiti 8): mabiti 41 a nthawi, 10 a makina, 12 owerengera, kutanthauza makina 1024, aliwonse manambala 4096 pa milisekondi. Ndi yopepuka ndithu, koma ndinu mudzaonetsetsa kuti makina awiri asatenge nambala imodzi, komanso wotchi ya seva isabwerere m'mbuyo. JavaScript nayo imasokoneza manambala opitirira mabiti 53, ndiye muziitumiza ngati string.

Ineyo pa ntchito yatsopano ndingatenge v7. Snowflake ndingaiganizire pokhapokha mizere itafika mabiliyoni, pamene mabayiti 8 amene UUID imaposa nawo Snowflake ayamba kumveka pa disiki ndi mu RAM.